Kagalu ka Dona ndi Mtolo wa Nyuzipepala

Kagalu kaja kanafika kwathu ku Nyimba kali m'thumba la jekete la bambo a kunyumba kwanga, mutu wokha uli panja. Nditaona timakutu ndi timaso, ndinabwelela m'mbuyo. Ndinayesa atola gologolo panjila.

"Ndi galu ameneyu," anatelo iwo.

"Galu? Nanga mbali ina yatsala kuti?"

Zinali zaka zija za Chitaganya. Bambowo anali alangizi a malimidwe. Ankayenda m'midzi ya ku Ndake kuyeza migula m'minda ya anthu, ndipo mwezi ukatha ankakwela lole kukapeleka malipoti ku Petauke. Mzungu amene anali mkulu wawo anali pa msamuko, ndipo galu wa dona wake, wa mtundu uja wosakula, anali ataswa. Donayo atamva kuti kwathu kuli mwana wodwala, anatuma khuki wake kuti apeleke kamwana kamodzi. Khukiyo anabweletsanso kambale kachitsulo ndi mtolo waukulu wa nyuzipepala womanga ndi chingwe. Anangoti, "Izinso tengani," basi n'kubwelela ku mapoto ake.

Wodwalayo anali mwana wathu wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chikuku chinali chitamusiya, koma chinamusiya ngati ndodo. Phala ankangolilawa n'kutembenukila kukhoma. Panja sankafuna kutuluka, ankati dzuwa likumulasa m'maso. Mkulu wake anali atapita ndi matenda omwewo, choncho ine ndinkagwada kangapo pa tsiku, ndipo pempho langa linali limodzi lokha: Ambuye, mwanayu adye.

Tsiku lomwelo kagalu kanakwela pamphasa yake n'kuyamba kumunyambita zala. Mwana anaseka. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata pakati pa mano. Madzulo anati, "Amama, kapatseni phala." Ine ndinati kadya iwe ukadya. Anadya masupuni angapo, kagalu kakudya m'kambale kake pambali. M'mawa mwake anadya ochulukilapo.

Kwathu galu salowa m'nyumba, aliyense akudziwa. Koma aka tikanakasiya kuti? Kabawi amene ankatitha anapiye akanakanyamula ndi mwendo umodzi. Bambo anang'ung'udza pang'ono, kenaka analola kuti kazigona m'dengu pafupi ndi mwana.

Nyuzipepala zija ndinazilandila ngati mphatso yanga. Masiku amenewo pepala silinali chinthu chotaya. Ndinaphika phala la chinangwa n'kumata makoma onse a pabalaza, zithunzi za magalimoto ndi za madona a zipewa ndikuziika poonekela. Zina ndinazicheka mano-mano ndi sizasi n'kuyala pa alumali ya mbale. Zotsala bambo anazikweza pamwamba pa denga la nsungwi kuti aziwelenga Lamulungu. Amayi a m'chigwilizano atabwela kudzapemphelela mwana, anazungulila nyumba yonse akuti, "Ee, koma kuno ndiye kwa alangizi!" Ndikuvomela, ndinanyada.

Kagalu kokha ndiye kanali pamavuto. Kakadzuka kapena kakadya, kankayamba kuzungulila nyumba, mphuno pansi, kakulila ngati kataya chinthu. Ndikakatulutsa panja, kankangoima kakunjenjemela n'kuthamangilanso m'nyumba. Kakalephela kupilila, kankadzithandiza pakona paliponse, pansi panga pozila bwino.

Mnansi wanga, mkazi wa mesenjala, anali ndi nzelu zambili. "Kakwapuleni ndi kamtengo, amake mwana. Galu amamvela pamsana." Ndinakayang'ana kamsanako, ndinaona kuti palibe pomenya. Anati ndithile tsabola m'makona. Ndinathila, ndipo tinayetsemula tonse kupatula galuyo. Tsiku lina ndinaganiza kuti khanda ndi khanda basi. Ndinakhala pakhonde, ndinatambasula miyendo, n'kukakhazika pakati pa mapazi anga monga timachitila ndi makanda, ndikuimba kamluzu kaja. Mnansi uja anandipeza ndili choncho. Anatula mtsuko pansi kuti aseke bwino.

"Mawa mukabelekenso kumbuyo, tipite nako ku sikelo!"

Kenaka panayamba za mapepala. Bambo ankalemba ntchito zawo atakhala pamphasa, mapepala atawayala mozungulila. Loyamba kunyowa linali kapepala kaja ankagawa a boma kotamanda Chitaganya. Bambo anakanyamula ndi zala ziwili, pakamwa pakugwedela ndi kuseka. Mnansi atamva anati, "Nako sikakufuna Chitaganya! Kauzeni kasamale, amuna anga adzakamanga." Lachiwili linali pepala langa la nyimbo za m'chigwilizano. Apo sindinaseke.

Pepala lachitatu ndilo linaononga zinthu. Bambo anali atatha sabata yonse akulemba lipoti la minda ya ku Ndake, ndi mapu ojambula pamanja, munda uliwonse ndi migula yake. Anatuluka pang'ono kukalankhula ndi munthu pakhomo. Pobwela anapeza inki yayendelela, minda yonse yasanduka dambo limodzi. Amuna anga sanali munthu wokalipa, koma tsiku limenelo mawu awo anamveka mpaka kumsewu.

"Ndidzakawauza chiyani akulu ku Petauke? Kuti galu wandithandiza kulemba? Alamu akubwela Loweluka la sabata ya mawa. Kakadzakhala kakuipitsabe m'nyumba muno, adzapite nako ku Luembe."

Alamu awowo anali mlongo wanga, mlenje wa agalu asanu amiyendo italiitali. Kumeneko kagalu kathu sikakanatha masiku awili. Mwana anamva zonse. Madzulo ake anakankha mbale n'kutembenukilanso kukhoma, kagalu atakafungatila pachifuwa. Ndinawauza bambo motsitsa mawu kuti taonani mwanayu. Anati, "Ndamuona, amake. Koma ntchito ikatha tidzamudyetsa chiyani?" Nawonso ankanena zoona.

Ndinachita manyazi kupemphelela mkodzo wa galu. Komabe ndinagwada. Ndinati, Atate, Inu munalenga njovu, munalenganso aka, ndipatseni nzelu.

Patapita masiku awili ndinachokela kusitolo ndi mchele wokulunga m'pepala. Nditakhuthulila mchelewo m'chitini, pepala linagwa pansi. Kagalu kanali kutali, pamphasa ya mwana. Kanadumpha, kanathamanga, kanaima pakati penipeni pa pepalalo, n'kuchita zake mosamala, dontho osagwela pambali. Katatha kanandiyang'ana kumaso kakugwedeza kamchila, monga mwana wasukulu amene wakhoza samu akudikila kuti aphunzitsi amuyamikile.

Ndinaima ndi chitini m'manja. Galu wopanda mwambo sayang'ana munthu choncho. Aka kanachita kuphunzitsidwa. Dona uja anakaphunzitsa kudzithandiza papepala, ndipo mtolo uja sunali wanga ayi, unali wa galu. Ndinakweza maso kuyang'ana makoma anga okongola aja, magalimoto ndi madona a zipewa. Kalanga ine, ndinali nditamata chimbudzi cha galu pabalaza ponse, amayi a m'chigwilizano n'kundiyamikila! Ndinaseka mpaka misozi, mwana n'kudzuka kufunsa chimene chachitika.

Ndinamufotokozela, kenaka ndinati, "Tatsala ndi masiku asanu ndi anayi. Ine ndili ndi kumunda, kuchitsime ndi kuphika. Galuyu mphunzitsi wake ukhala iwe. Koma mphunzitsi wanjala sindimufuna."

Anadya.

Tinayamba ndi kutsitsa nyuzi za bambo za pamwamba zija. Tinayala imodzi pakona pomwe kankakonda. Kakangodzuka, kakangomaliza kudya, kapena kakatopa ndi masewela, mwana ankakanyamula kukakaika papepala. Kakachita bwino ankakapatsa kamutu ka nsomba youma n'kukaombela m'manja. Kakaphonya, sitinkakakalipila. Ndinkangopala dothi lonyowalo, kuthilapo phulusa n'kuzila mwatsopano kuti fungo lisakaitanenso pomwepo.

Tsiku lililonse pepala linkasendela kukhomo ndi mapazi atatu a mwana. Iye ndiye ankayeza, chidendene ku chala, monga ankaonela atate ake akuyeza minda. Tsiku lachitatu linafika pachitseko. Lachinayi linali pakhonde, ndipo mwana anatuluka nalo ataphimba maso ndi dzanja. Ine ndinangopitiliza kupeta, koma mumtima ndinali kuimba.

Tsiku lachisanu mphepo inatichita chipongwe. Inaulutsa pepala kagalu katangoponda, ndipo iko kanalithamangila mpaka pakhonde la mnansi uja, n'kumalizila pomwepo, pafupi ndi ufa wake woyanika.

"Amake mwana! Bwelani mudzatenge kalaliki wanu, wasaina pakhomo panga!"

Kuyambila pamenepo tinkatsindika pepala ndi miyala. Tinasankha malo patsinde pa mpapaya kuseli kwa khichini, pomwe kabawi sakanatha kutsika bwino. Pepalalo tinkaling'amba kuti lizichepa tsiku ndi tsiku, n'kumawaza dothi pamwamba. Popita kumeneko mwana ankagwila pepala mbali imodzi, kagalu kakuluma mbali inayo, akukokana njila yonse. Ine ndinkangoti zamasewela, zilibe kanthu. Nyuzi za bambo zitatha, ndinayamba kumatula za kukhoma. Dona wa chipewa chachikulu ndiye anayamba kupita.

Bambo ankaona zonsezi akulembanso lipoti lawo atatsamila pa bondo, mapepala ena atawapanikiza m'khwapa.

Loweluka mlongo wanga anafika panjinga dzuwa lili pamutu, kumbuyo atamanga dengu. Atamwa madzi anati, "Alamu, galu mwandiitanila uja ali kuti? Ndabwela ndi chingwe cholimba."

Bambo analoza pamiyendo ya mwana. Mlongo wanga anawelama, anayang'anitsitsa, n'kudzuka.

"Alamu, mwanditopetsela miyendo chifukwa cha mbewa? Aka ndikapita nako kuthengo, nyama ndiyo izikasaka."

"Musaseke, alamu. Kamene mukukaonako kanamiza minda ya ku Ndake yonse."

"Ndiye kapatseni ntchito ya mvula, chaka chino kwauma."

Anaseka onse awili, koma bambo sanaiwale mawu awo. Anati tikayese poyela, alamu akhale mboni. Analamula kuti kadye kaye. Katatha kudya, anatenga pepala limodzi la ntchito losalembapo n'kuliyala pamphasa pakati pa balaza, chitseko chili chotsegula. "Wina asakaitane, wina asaloze," anatelo akuyang'ana ine.

Tinakhala pansi tonse. Mwana anandigwila chitenje. Ine milomo inali kuyenda yokha, ndipo mlongo wanga anandinong'oneza kuti, "Alongo, mukupemphelela mbewa?" Ndinamuponda chala.

Kagalu kanayamba kuzungulila, mphuno pansi. Kanafika papepala. Kanalinunkhiza, kanapondapo ndi miyendo yakutsogolo. Ndinatseka diso limodzi. Kanayang'ana mwana, mwana anayang'ana kudenga monga anauzidwa. Kenaka kanaluma ngodya ya pepalalo n'kuyamba kulikoka chobwelela m'mbuyo, kudutsa pachitseko, kutsika pakhonde, pepala likukakulila ngati bulangete.

"Pepala langa!" anakuwa bambo.

Mwana anadzambatuka. Sanayende ayi, anathamanga, timiyendo take tija tikuponya fumbi, dzuwa lonse lija lili kumaso, akukuwa kuti, "Kumpapaya! Kakupita kumpapaya!" Ife akuluakulu tinatsatila. Tinapeza kaliyala patsinde pa mtengo, mokhota pang'ono, kaimapo pakati, kakugwila ntchito yake mwaulemu wonse.

Mlongo wanga anavula chipewa. "Alamu, ine ndine mboni, ndiye ndifunse. Munati kakaipitsa pati?"

"Pepalalo ndi la boma."

"Sindinafunse mwini pepala. Munati m'nyumba. Kuno ndi m'nyumba?"

Bambo sanali kumvanso. Maso awo anali pa mwana, amene anali kudumphadumpha akuombela kagalu m'manja, akupuma mwaŵefuŵefu, thukuta lili pamphumi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatulutsa kansalu m'thumba n'kudzipukuta kumaso, ngakhale iwo sanathamange.

"Wathamanga kuchokela pakhomo mpaka pano?" anandifunsa motsitsa.

"Mwaona nokha, bambo."

Anatsokomola pang'ono. "Alamu, pepani ndi ulendo. Galuyu atsala."

"Zikomo, mwandipulumutsa. Agalu anga akanandiseka."

Mwana anamva. Ananyamula kagalu n'kubwela kudzagwada pamaso pa atate ake monga ndinamuphunzitsila, koma mawu othokoza anamuthawa. Anatembenukila kwa ine n'kunena kuti, "Amama, njala."

Ndinalowa m'khichini. Ndisanagwile poto ndinagwada kaye pafupi ndi mafuwa, mwachidule chabe, chifukwa panja panali anthu anayi odikila chakudya, kuwelengela ndi kagalu komwe.