Chitenje Chimene Ndinadula Pakati

Maganizo opita ku Dubai anandifikira pamsika wa Lunzu, nditakhala kumbuyo kwa mulu wa tomato amene ankawola ndikumuona. Bambo ake a mwana wanga anali atalowera ku Joni kalekale n'kungoti zii, ndipo ine ndinali nditatopa kuitanira anthu amene maso awo anali kwina. Mnzanga wina wa kutchalitchi, amene anali kale kumeneko pa ntchito ya m'nyumba, anandiuza kuti banja lina ku Al Barsha likufuna mayi wolera mwana. Ndinavomera ndisanafunse n'komwe kuti Al Barsha ndi mudzi kapena ndi munthu.

Chondivuta chinali Takondwa, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene anali atangoyamba sitandade wani. Achemwali anga aakulu, a Esinati, anati ndimusiye kwawo, adzamulera ngati wawo. Ndinali ndi chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chachitali, chimene ndinkachipinda pawiri pomubereka kuyambira tsiku limene ndinatuluka naye m'chipatala. Mayi athu ankati ukamasiya mwana uzimusiyira nsalu yako kuti azimva fungo, mtima uzikhala m'malo. Choncho m'mawa wa tsiku lonyamuka ndinatenga lezala n'kuchidula pakati.

“Ichi n'chako, ichi n'changa,” ndinamuuza. “Ukandisowa uzifunda. Nanenso ndikakusowa ndizifunda.”

Anandiyang'ana ndi maso ake aakulu aja n'kufunsa, “Simupatsa munthu wina?”

“Ndingapatse ndani? N'cha iwe ndi ine basi.”

Ku Al Barsha anandipatsa kachipinda ka pafupi ndi makina ochapira, kopanda windo. Mwana amene ndinkalera dzina lake anali Sami, ndipo ndinamupeza akukwawa. Mayi ake ndinkangowaitana kuti Madamu. Sanali ankhanza, ndinene zoona, koma ankandiona ngati momwe munthu amaonera ambulera, kuikumbukira mvula ikayamba. Kutha kwa mwezi ndinkatumiza ndalama kwa a Esinati, ndipo Lamlungu ndinkaimba foni. Takondwa ankalankhula mpaka foni kutentha: za aphunzitsi, za dzino logwedezeka, za mbuzi ya aneba imene inadya buku lake. Ndikadula foni ndinkafunda chitenje changa, ngakhale kunja dzuwa likuswa mtengo, n'kulira mwakachetechete kuti makina ochapira okha andimve.

Miyezi yozizira ikafika, abale a Madamu ankabwera kutchuthi, ndipo mlendo aliyense ankayenera kutengedwa kupita kupaki ya masewera, kunja kwa mzinda, kupitirira Jebel Ali. Tsiku loyamba ndinangoti kakasi. Kunali sitima yothamanga pa njanji yopindikapindika m'mwamba, anthu akukuwa mitu itazondoka, koma atalipira okha kuti aopsezedwe. Kunali mtsinje wochita kupanga, nyumba zonga za m'nthano, akatungwe aakulu kuposa mtengo wa mlambe, ndi nyimbo zotuluka m'maluwa. Ndinaganiza za Takondwa.

Koma paki imeneyo ine ndinkaidziwa ngati momwe wokankha wilibala amaudziwira msika. Ndinkadziwa kumene kuli zimbudzi, kumene kuli mthunzi, ndi benchi imene alonda sakuthamangitsapo. Ntchito yanga inali kunyamula zikwama, kusunga mafoni ndi magalasi a anthu akamakwera, ndi kuima pamzere kusungira alendo malo pamene iwo akujambulitsa kwina. Mzere ukafika kutsogolo, Madamu ankabwera akuthamanga, “Yalla, yalla, fulumira, tuluka,” ine n'kudutsa pansi pa chingwe kukawadikira potulukira. Miyendo inkafika madzulo itatupa, nsapato zikuluma.

Pa nkhani ya chakudya ndiye musanene. Ankakonda kudyera m'lesitilanti ina yomangidwa ngati sitima ya pamadzi, operekera zakudya atavala zipewa za amalinyero. Mbale imodzi ya chipisi mtengo wake ukanagula dengu langa lonse la tomato, n'chifukwa chake Madamu akamaitanitsa chakudya, pofika pa ine ankangoti, “Iwe udya za Sami, iyeyu samaliza.” Ndinkakhala kumapeto kwa tebulo, theka la thupi lili pampando, kumunyengerera mwana kuti atsegule pakamwa. Akakana, khalas, basi zatha, mbale ija inkakankhidwira kwa ine: chipisi chozizira, nyama ya nkhuku yolumidwa mbali imodzi, ayisikirimu wosungunuka. Zonse zotchuka za m'paki muja ndinazilawa, koma palibe chimene ndinachilawa chili chotentha.

Chaka changa chachiwiri kunabwera apongozi awo a Madamu, mayi wovuta amene ankapeza fumbi ngakhale pa sopo. Tili pakati pa paki, tayala la kangolo kamene tinkakankhiramo Sami linaguluka. Mwanayo anali atatopa, ndipo anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira kofuna kugwetsa denga. Bambo ake anamunyamula, anakana. Anamugulira baluni, anaitaya. Apongozi aja ankangomuyang'ana Madamu ndi diso lodzudzula. Chitenje changa chinali m'chikwama, chifukwa m'malesitilanti awo mumazizira ngati ku Dedza. Sindinaganize kawiri. Ndinawerama, ndinamuponya Sami kumsana, ndinamanga mfundo pachifuwa, n'kuyamba kuyenda modzigwedeza. Tisanafike pa mtsinje uja anali atagona.

Anthu anayamba kutijambula ngati nafenso ndife mbali ya zoonetsa za m'paki. Ine ndinkangomusisita kumsana ndikung'ung'udza, “Gona iwe, watisautsa mokwanira.” Ndiye chimbalangondo china, mwa zija amavala anthu n'kumavina ndi ana, chinandiyandikira n'kuweramira kukhutu kwanga.

“Ndimwe ba ku Malawi?” chinatero chapansipansi. “Ine ni wa ku Chipata. Osakamba mokweza, sibativomeleza kukamba.”

Ndinatsala pang'ono kumugwetsa mwana wa eni. “Muli bwanji mkatimo, achimwene?”

“Ni moto, ba sisi. Thukuta lafika m'nsapato. Manje sekani, madamu wanu afuna kujambula.”

Ndinaseka, kuseka kwenikweni, koyamba m'miyezi yambiri. Madamu anajambula n'kunditumizira chithunzicho: ine mano onse panja, chimbalangondo chitandikolowekera dzanja, ayisikirimu wa Sami ali m'manja mwanga, Sami ali mtulo kumsana mu chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu.

Zithunzi zanga zonse za m'mbuyo zinali za khoma ndi makina ochapira. Ichi chinali choyamba chimene ndinkaoneka ngati munthu. Ndinachitumiza pa foni ya a Esinati tili m'galimoto yobwerera, n'kulemba kuti amuonetse Takondwa chimbalangondo. Ine maso anga anali pa chimbalangondocho basi.

Kuyambira pamenepo Sami sanafunenso kangolo. Ulendo uliwonse wa kupaki ndinkazungulira naye kumsana, akulemera chaka ndi chaka, zikwama zili m'manja, mpaka mfundo ija inandisiyira mzere wakuda paphewa. Ndipo kuyambira pamenepo mafoni a Lamlungu anasintha. A Esinati ankayankha mwansangala, “Ee, adona a ku Dubai! Inu ndiye mukudyerera, mpaka kuvina ndi zimbalangondo!” Ndikafunsa za Takondwa ankati wapita kukasewera, kapena ali kumjigo, kapena netiweki ikuvuta. Akabwera pa foni ankangoti, “Ndili bwino, kaya inu,” ngati akuyankha mlendo wa mumsewu. Ndinkadzitonthoza kuti mwana akukula, wayamba manyazi. Zithunzi zimene ankanditumizira zinkamuonetsa ali mu yunifolomu yosita, atanyamula chikwama chimene ndinamugulira. Komabe usiku ndi usana funso linali limodzi: kodi ndikadzabwerera ndidzapeza mwana wanga, kapena mwana wa achemwali?

Nditatha zaka zinayi Sami anayamba sukulu, ndipo ndinati basi, zakwana. Tsiku lochoka anagwira chitenje chija osafuna kusiya. Madamu anandipempha kuti ndimusiyire, anati andigulira zina zatsopano. Ndinakana, koyamba chifikireni m'nyumba mwawo. Ndinamasula tizala ta mwanayo kamodzikamodzi, naye akulira, nane ndikulira, chifukwa ndinali nditamukonda, ndisaname. M'sutikesi ndinaika kachidole ka chimbalangondo kamene ndinagula pa geti la paki, ka Takondwa.

Ndinafika ku Lunzu chakumasana, pakati pa sabata, ana ali kusukulu. Ndinkati ndipeza pakhomo palibe munthu, ndisambe, ndikamuchingamire kumsewu. Koma nditalowa mumpanda ndinaona mtsikana wamtali atawerama pa beseni akutsuka mbale, kumsana kuli mwana. Atadzuka, anayamba wakankhira mwanayo m'mwamba ndi chiuno, kenako n'kumangitsa mfundo pachifuwa ndi dzanja limodzi, ngati mayi wa ana atatu. Chitenje chinali chitasuluka, maluwa achikasu atasanduka oyera, koma ndikanachizindikira ngakhale mumdima.

“Takondwa.”

Anapukuta manja, anabwera, anagwada pang'ono n'kundipatsa moni wa manja awiri. “Mwafika, amayi? Mwayenda bwanji?”

Ndinkayembekezera kuti andilumphira m'khosi. Ndinamukumbatira, koma manja anga anafikira pa mwana anali kumsanayo.

“Bwanji sunapite kusukulu?”

“Lero n'tsiku la msika. Amayi aakulu akapita kumsika ndimatsala ndi Dali.”

Dali anali wachiwiri mwa ana amene a Esinati anabereka ine kulibe. Ndinafunsa kuti nanga mkulu wake ankatsala ndi ndani ali wakhanda. Anati ndi iye yemwe.

“Chitenjechi si ndinati uzifunda?”

Anayang'ana pansi. “Ndinkafunda. Ndiye munatumiza chithunzi chija. Ndinalira kuti mwapatsa mwana wina, ndiye amayi aakulu anati, ‘Waona, mayi ako akubereka mwana wa eni ake kuti iwe udye. Iwe ndiwe ndani kuti uzikana wa m'nyumba momwe?’ Ndiye ndinayamba.”

Ananena zimenezi mopanda mkwiyo, ngati akundiuza mtengo wa mchere. Ndinamasula mfundo ija ndekha n'kumutsitsa Dali, ndipo diresi itasendera ndinaona mzere wakuda paphewa la mwana wanga, pamalo omwewo pamene pali wanga.

A Esinati anabwera madzulo akululutira, dengu lili pamutu. Mawu anali atandidzadza m'kamwa, koma ndikanayambira pati? Mwana wanga anamudyetsa ndi iwo, anamugoneka m'chipatala atadwala malungo, ndipo yunifolomu ya pa zithunzi ija inali yeniyeni, inkangovalidwa masiku ena. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Achemwali anga anachenjera manja, ndipo palibe wa pamudzipo amene ankaona chachilendo. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti wosankha zithunzi ndi ine ndekha, osadziwa kuti nakonso kwathu ankasankha. Ndinangowauza kuti kuyambira mawa Takondwa azipita kusukulu tsiku lililonse, ndipo ndikapeza nyumba ndimutenga. Anati chabwino, nkhope itagwa, n'kuyamba kufunsa za sutikesi.

Koma masana aja, a Esinati asanabwere, Dali anayamba kulira kufuna kumsana. Takondwa anali atawerama kale kuti amunyamule. Ndinamuletsa, ndinatulutsa theka langa m'chikwama, n'kumubereka ine. Takondwa anaima manja ali lende.

“Ndiye ine nditani?”

“Khala pansi, mwanangu. Ungokhala.”

Anakhala pakhonde, kumapeto kwenikweni kwa mpando, maso ali pa mbale zimene sanamalize. Kakhalidwe kameneko ndinkakadziwa. Ndinamupatsa kachidole kaja. Anakatembenuza, anakayang'ana nthawi yaitali, ndiye anafunsa funso loyamba la mwana chibwerereni.

“Chimbalangondo chija chinali chenicheni?”

“Ayi. Munali munthu mkatimo, wa ku Chipata. Ankatopa kwambiri.”

“Nanga akatungwe aakulu ankaoneka kumbuyo kwanu pachithunzi aja, munakwerako?”

Ndinafuna kunama kuti ndimusangalatse, koma ndinali nditatopa nako kunama. Ndinati ayi, sindinakwereko ngakhale kamodzi.

Anagwedeza mutu, akusisita khutu la kachidole. “Ndimadziwa,” anatero. “Anzanga anamanga katungwe pa mango paja. Munthu ukabereka mwana sukwera.”