Nsomba Yonona ya Mayi Nabawiya

A Shehata ankanunkha nsomba, tisabise. Kaya asambe ndi sopo wanji, Lachisanu akalowa mumzikiti anthu ankadziwa osacheuka kuti afika. Iwo analibe nazo ntchito. Anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Manzala, pakati pa migolo ya bambo awo, ndipo ntchito imene ankaidziwa inali imodzi basi: kukonza fesikhi. Ankatenga nsomba za buri zosatumbula, kuziyanika padzuwa mpaka zitatupa, kuzifotsera mumchere, kuzisanja mumgolo n'kutseka kuti mpweya usalowe. Pakapita milungu ingapo, chikondwerero cha Shamu Nesimu chikafika, tauni yonse inkakhamukira pakhomo pawo, aliyense atagula kale mandimu ndi anyezi wamasamba.

Akazi awo, mayi Nabawiya, anali ndi pakamwa. "Anzanga anakwatiwa ndi amuna, ine ndinakwatiwa ndi mgolo," ankatero alendo ali pomwepo.

"Mgolo womwewo ndi umene wakunenepetsaniwo, mayi a Wafaa," ankayankha a Shehata, mano onse pamtunda.

Pabanja pawo panali mwambo umene anaupeza kwa makolo. Mgolo woyamba ukatsegulidwa, nsomba yonona kuposa zonse, yodzaza mazira, sinkagulitsidwa ngakhale bwana abwere ndi galimoto. Inali ya mayi wapanyumba. A Shehata sankadziwa kunena mawu okoma, chikondi chawo chonse chinkadzera pa nsomba imeneyo.

Wafaa, mwana wawo yekhayo, anali mphunzitsi wa sayansi. Tsiku lina anawapeza akuthira mchere n'kuwauza kuti samagwira okha ntchito. "Mumgolomu muli mabakiteriya, bambo. Tamoyo tosaoneka ndi maso, tina tozungulira, tina ngati timitengo. Kalibe mutu, kalibe m'mimba, koma kakakhuta kamangogawika pakati, tiwiri basi. Ndi timeneto timafewetsa nsomba zanu. Ndi tomwetonso timawoletsa zakufa kuti nthaka ipeze chonde."

"Ndiye ndili ndi aganyu osalipidwa? Alihamudulilahi, Mulungu atamandike!"

"Koma si tonse tabwino. Mchere wanuwo ndi umene umatsekereza toipato."

"Mchere ndinaudziwa iwe usanabadwe, aphunzitsi." Ndipo sankanama. Moyo wawo wonse palibe anadwalapo ndi fesikhi wawo.

Chaka chimenecho nsomba zinanona modabwitsa. Pa zonsezo panali imodzi yoti kuinyamula mpaka manja awiri. A Shehata ataiona anaseka okha, n'kuimanga kaulusi kumchira kuti isasokonekere. Anaithira mchere monga ankachitira ndi zina zonse, dzanja lomwelo, muyeso womwewo.

Tsiku lotsegula mgolo anayamba kulawa okha kansomba kakang'ono, monga mwa nthawi zonse. Kanali bwino. Kenako anavuula yakaulusi ija n'kukaiika pamaso pa akazi awo.

"Iii, yonseyi? Mukufuna ndilephere kutuluka pakhomo? Bwerani tidye."

"Ayi, ndi yanu imeneyo."

Mayi Nabawiya anafinyira ndimu, n'kudya ndi buledi mpaka kunyambita zala. A Shehata anangokhala poteropo kuwaonerera, mtima uli mbee.

M'mawa mwake mayi aja anadzuka akutikita m'maso. "Bambo a Wafaa, ndikukuonani awiri. Mmodzi yemwe ndimalephera naye!" Onse anaseka, koma kuseka kwake kunali komaliza. Pofika masana zikope zinali zitalemera, mawu akutuluka mokoka, madzi akukanika kumeza. Wafaa atafika sanafunse zambiri, anangothamangira galimoto.

Kuchipatala dokotala anawaitanira pambali a Shehata. Anati pali bakiteriya wina amene amakhala m'matope a pansi pa nyanja, atadzitsekera m'kachikamba, ndipo nsomba zimamumeza podya. Amadana ndi mpweya, amadananso ndi mchere. Koma akapeza malo opanda zonse ziwirizi amadzuka n'kuyamba kutulutsa poizoni wofoola minofu, wopanda fungo, wosamveka pa lilime.

"Mchere ndinathira, adokotala. Mulungu ndi mboni."

"Sindikukana, bambo. Koma nsomba ikanona kwambiri, mchere umachedwa kufika m'kati."

A Shehata anangokhala pansi pomwepo, pasimenti. Anthu onse amene anagula mumgolo umenewo anali bwinobwino kwawo. Yoipa inali imodzi yokha, ndipo anaisankha okha, ndi manja awo, chifukwa chokonda. Zinawawa, abale, zinawawa zedi.

Mankhwala anaperekedwa, koma poizoni anali atayenda kale. Mayi Nabawiya anagona pamakina opumira, thupi lonse lili zii, pakamwa paja patatsekeka. Chopweteka n'chakuti nzeru zawo zinali zonse. Namwino anati akumva chilichonse, kungoti zikope sangathe kuzikweza okha.

Ndiye a Shehata anaipeza ntchito yatsopano. Ankasamba m'manja kawirikawiri, kukhala pambali pa bedi, n'kukweza zikope za akazi awo ndi zala zawo zong'aluka ndi mchere zija, kuti awaoneko.

"Ndine, mayi a Wafaa. Mmodzi yekha lero, musaope."

Maso aja ankawayang'ana, ali mbuu ndi misozi. A Shehata ankafunafuna mkwiyo m'menemo, mwina mtima ukanapepuka akanakalipiridwa, koma sankaupeza. Ankawauza za nkhunda zapadenga, za mnansi amene wakwatitsa mwana, mpaka mikono kuchita dzanzi. Akatopa ankati, "Ndipumuleko pang'ono," n'kutsitsa zikope zija mwaulemu.

Chifuwa cha mayi Nabawiya chinagwidwa ndi matenda ena pamakina pomwepo, ndipo thupi lotopa kale silinalimbe. Anamwalira m'mawa wina a Shehata atatuluka kukapemphera. Pobwera anapeza Wafaa ataima pakhomo la chipinda, akulira mosatulutsa mawu.

Analowa, n'kukweza dzanja kuti awatseke maso akazi awo, monga amachitira mwamuna aliyense kwa mnzake amene watsogola. Koma maso anali otseka kale. Dzanja lija linangotsala m'malere, lopanda chochita.