Lipisitiki ya m'Jekete la Agogo

Dzulo ndikupukuta mashelefu, bambo wachizungu amene ndimamusamalira ku Bordesley Green anandionetsa kachitsulo kamkuwa, kakafupi, konenepa ngati chala.

"Ichi ndi chipolopolo cha mfuti yam'manja ya asilikali akale, cha saizi ya .455," anatero. "Zina zinkapangidwa konkuno ku Birmingham. Usaope, anachotsamo wonga. Chikakhala chamoyo, ukachiika pamoto chimaphulika."

Ndinakhala pansi.

Ndili mwana ku Dedza ndinapeza kotereka m'thumba la jekete la agogo anga aamuna, amene anamenya nkhondo ku Burma. Ndinkayesa lipisitiki ya azungu. Ndinkadzipaka kuseri kwa nyumba, kamutu kake kotuwa kakuzizira pamilomo, kakununkha ngati kiyi wakale, koma mtundu osatuluka.

"Yauma imeneyo, itenthetse," anatero mkulu wanga Esinati.

Ndinaiika pamakala a mbaula, tonse awiri n'kuweramira pomwepo, kudikira kuti isungunuke.

Agogo anatulukira. Ngakhale anali munthu woyendera ndodo, anadumpha, n'kupisa dzanja pamoto, n'kuiponya kutali m'chimanga. Fungo la khungu lopsa linadzaza pakhonde. Sanatimenye. Anangokhala pansi, akuti, "Ana inu! Ana inu!"

Ine ndinalirira lipisitiki yanga, ndipo ndinawanyanyala masiku ambiri. Zala zawo ziwiri sizinawongokenso mpaka anamwalira.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana anga kuti agogo anali munthu wovuta, osadziwa kuti maso ndikuonerawa anandisungira ndi zala zawo zija.