Malume Atatseka Msewu

Wailesi ya malume inali yakuda, yomangidwa ndi mphira pakati chifukwa kachitseko ka mabatire kanathyoka ine ndisanabadwe. Pamalo pa mlongoti anasomekapo sipoko ya njinga. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa pamwamba pa khola la nkhuku, ndipo ntchito yowatembenuza inali yathu, ine ndi msuweni wanga, mwana mmodzi yekhayo wa malumewo. Pakhomo pathu mkangano uliwonse, kaya wa mvula kaya wa mtengo wa feteleza, unkatha malume akangoti, "Wailesi yanena."

Msuweni wangayo mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, choncho analeredwa ndi amayi anga. Tinkagona pamphasa imodzi, kulimbirana bulangete limodzi, ndipo chaka chimenecho tonse tinali mu Sitandade 5. Iye anali wamtali kundiposa, wothamanga, wa mpata kumano. Ankaimba mluzu ngati mnyamata ngakhale amayi ankamuletsa.

Kwathu ndi m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa Ntcheu boma ndi Lizulu, pamene msewuwo umatsika chitunda n'kukhota. Msika wathu unali pakhota pomwepo. Inali nyengo yozizira, miyezi ija nkhungu imachedwa kuchoka, milomo n'kumang'ambika, miyendo ili mbuu. Inalinso nyengo ya kachewere. Amayi ankandandalika ndowa zawo m'mbali mwa phula, pamodzi ndi kabichi, karoti ndi nsawawa zochokera kudimba la malume. Basi ikaima, msika wonse unkanyamuka kuithamangira, mabeseni ali m'mwamba kulunjika mawindo. Loweruka ife ana tinkathamanga nawo.

Ndikudziwa kuti mwana sayenera kuthamanga pamsewu. Anthu ambiri andiuzapo zimenezi m'zaka zonsezi, ena mokoma mtima, ngati akundiululira chinsinsi. Nawonso akuluakulu a pamsikapo ankadziwa. Malole ankatsika chitundacho ngati mabuleki ndi ogula, ndipo anthu anali atagundidwapo kale. Mphunzitsi wathu, bambo wachete amene ankavala juzi imodzimodzi nyengo yonseyo, ndi amene ankalembera komiti ya msika makalata opempha kuti pamsewupo aikepo zitunda zochepetsa liwiro. Ndinaonapo amayi akudinda chala pa kalata ina, inki n'kukhala pachalapo masiku awiri. Yankho linkabwera lofanana: nkhani yanu tailandira.

Loweruka limenelo basi inaima kutsidya kwa msewu. Msuweni wanga ananyamula beseni la nsawawa n'kundisiya ndikumanga chitenje changa chimene chinali chitamasuka. Ndinamva hutala, kenako phokoso losakhala lalikulu n'komwe, ngati thumba lagwa pangolo. Nditadzutsa mutu ndinaona nsawawa zikugubuduzika paphula, zobiriwira, zikutsetsereka kulowera kungalande. Lole imene inamugunda sinaime. Tinadzamva pambuyo pake kuti dalaivala anakadzipereka kupolisi kuboma poopa kumenyedwa.

Amayi anavula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa msuweni wanga. Magalimoto sanasiye kudutsa. Ankangomulambalala pang'ono, ena matayala awo n'kumaponda magazi, kuwadinda mizeremizere mpaka kutali. Malume anafika kuchokera kudimba matope ali m'miyendo. Sanalire. Anaima, nayang'ana chitenjecho, nayang'ana mizere ija, kenako anatsikira m'ngalande n'kutola mwala waukulu ndi manja awiri, kudzauika pakati pa msewu. Anabwereranso kukatenga wina. Mawu okha amene ndinawamva akunena anali akuti, "Asamupondenso."

Amuna ena anayamba kuwathandiza. Pofika masana magalimoto anali atandandalika mbali zonse ziwiri mpaka kuseri kwa chitunda. Kenako kunabwera anyamata ochokera kumalo omwera mowa, ena oti sankamudziwa n'komwe mwanayo, ndipo anagenda basi ina mpaka kuswa magalasi. Mayi wina wa m'basimo anatemeka pamphumi. Zimenezi zinachitikadi, ndinaziona ndi maso anga, ndipo sindinazibisepo.

Pamzere wa magalimotowo panali galimoto la bwana wina wamkulu amene ankapita kukatsegulira chinachake kumpoto, ndipo kumbuyo kwake kunali galimoto la atolankhani. Ambiri a iwo anathamangira kwa bwanayo ndi timakina tawo tojambulira mawu. Wina ankazungulira ndi kamera. Koma mtsikana mmodzi mwa atolankhaniwo anabwera kumene kunali amayi, navundikira ndowa n'kukhalapo. Anafunsa dzina la mwanayo, nalilemba, nafunsanso kalembedwe kake. Anafunsa zaka, kalasi, ndi zimene ankakonda. Amayi anamuuza za makalata aja, namuonetsa chala chimene ankadindira, ngakhale inki inali itachoka kalekale. Mtsikanayo analemba masamba angapo, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Atachoka, amayi anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Tsopano amva."

Apolisi atafika anaponya utsi wokhetsa misozi. Unkawawa kukhosi ngati tsabola wopsereza. Anthu anabalalika, ndowa zinagubuduzika, miyala inachotsedwa, ndipo thupi analitengera kuchipatala.

Madzulo ake anthu anasonkhana pakhomo pathu, amayi m'nyumba akuimba nyimbo za maliro, abambo panja. Nthawi ya nkhani itakwana malume anandituma kuti ndikatenge wailesi. Ena anawayang'ana modabwa, poti pamaliro satsegula wailesi, koma palibe anawaletsa. Nkhani yathu inali yachiwiri. Anati ochita malonda m'mbali mwa msewu m'boma la Ntcheu atseka msewu kwa maola angapo, aswa magalasi a basi ndi kuvulaza munthu wapaulendo. Anaika mawu a bwana uja akudandaula kuti khalidwe lotere limabweza chitukuko m'mbuyo. Pomaliza anati chipolowecho chinayamba potsatira ngozi ina imene inachitika pamalopo. Kenako anapita ku nkhani ya mitengo ya fodya.

Malume anaigwirabe wailesiyo pakhutu mpaka nkhani zamasewera zinatha. Ataitseka anati, "Mwina amaliza mawa."

Mawa lake dzina la msuweni wanga linamvekadi pawailesi, koma m'mauthenga a maliro, amene mphunzitsi anakatumiza kuti abale a ku Balaka amve. Analitchula molakwitsa pang'ono, pakati pa gogo wina wa ku Kasungu ndi bambo wina wa ku Mulanje. Anati wamwalira mwadzidzidzi. Ine ndinaimirira poganiza kuti wowerengayo azindikira kuti mwana ameneyu ndiye ngozi ija anainena dzulo. Anangopitiriza kuwerenga dzina lotsatira.

Patatha masiku atatu chiikireni maliro, apolisi anabwera ndi nyuzipepala m'manja. Patsamba loyamba panali malume, atanyamula mwala ndi manja awiri, mano ali gwa chifukwa cha kulemera kwake, maso ofiira. Chitenje cha amayi sichinalowe m'chithunzimo. Chinali chapafupi kwambiri, mwina mapazi atatu kumanzere kwawo. Apolisiwo anawatenga malume atavala malaya omwe anaikira mwana wawo.

Masabata otsatirawo dziko lonse linkakangana za ife. Pawailesi panali pologalamu yoimba foni, ndipo ndinkaimvera ndekha kuseri kwa nyumba. Ena ankati mavenda onse achotsedwe m'misewu, ndi anthu osamva. Ena ankati apolisi anawonjeza, utsi uja sunkafunika. Andale a mbali ina anati boma likuzunza amphawi, a mbali inayo anati otsutsa ndiwo anatuma anyamata aja. Aliyense anali ndi mbali yake ndipo ankaiteteza ndi mtima wonse. Sindinamve ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti kodi anagundidwayo anali ndani, kapena kuti bambo wa pachithunziyo anali ndani wake. Sakanafunsa chinthu chimene sanauzidwe kuti chilipo.

Pamsika zinthu zinasintha. Mabasi ena anasiya kuima, ena akaima anthu ankatseka mawindo. Bambo wina atatsegula lake pang'ono anafunsa amayi akuseka, "Kuno ndiye kwa ogenda kuja?" Amayi anangomuuza mtengo wa ndowa. Masiku ena sankapita n'komwe kumsika, ankakwera minibasi kukapereka chakudya kwa malume kuboma. Kudimba kunalibe wothirira. Kabichi anaphulika, nsawawa zinauma pamitengo yake, ndipo kachewere amene tinali titakumba kale anayamba kumera m'chipinda, timphukira toyera ngati mphutsi.

Mphunzitsi analemba kalata ku nyuzipepala ija, yofotokoza zonse mwadongosolo, pamodzi ndi masiku amene makalata opempha zitunda anatumizidwa. Nyuzipepala inkafika kusukulu kwathu mochedwa, nthawi zina itatha sabata. Ankaitsegula patsamba la makalata a owerenga, kuyendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kuipinda. Anachita zimenezi teremu yonse.

Mtolankhani uja tinadzamuonanso mvula itayandikira. Anali m'minibasi, ndipo atawazindikira amayi anatsika. Anagula ndowa ya kachewere osanenerera. Amayi akuthira m'thumba, iye anati chapansipansi, "Mayi, ine ndinalemba zonse. Akuluakulu anati malo achepa." Amayi anamanga thumbalo bwinobwino, namuikira basela monga ankachitira ndi wina aliyense, n'kunena kuti, "Koma malo a chithunzi anapezeka." Ndili mwana ndinkamuda mtsikana ameneyo. Pano ndine wamkulu kuposa mmene iye analili tsiku lija, ndagwirapo ntchito pansi pa anthu, ndipo chidanicho chinatha, sindikudziwa kuti liti. Zitunda zinadzaikidwa chaka chotsatira, ndipo wailesi inati anthu a m'deralo athokoza bwana wina chifukwa cha mphatso imeneyi. Masiku ano nkhani zimandipeza pafoni ndili pamakina anga osokera kuno kuboma. Ndikaona chithunzi cha munthu wolusa atanyamula mwala kapena chikuni, ndimayang'ana m'mphepete mwa chithunzicho, kumene chathera, kenako ndimabwerera ku nsalu yanga.

Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi tsiku lina malume akadali m'chitokosi. Kusukulu tinali titaphunzira mafunso aja oti uchonge ngati chiganizo chili choona, uthethe ngati chili chabodza. Anzanga ataweruka ndinatsalira, n'kupempha mphunzitsi kuti andimasulire nkhani ya m'nyuzipepala ija chiganizo chimodzichimodzi, poti inali m'Chingerezi. Maganizo anga anali oti ndithethe mabodza onse ndi pensulo, amayi akaonetse apolisi, malume atuluke. Mphunzitsi anaitulutsa m'kabati.

Anawerenga kuti msewu unatsekedwa kwa maola angapo. Ndinachonga. Magalasi a basi anaswedwa. Ndinachonga. Mayi wina anavulala pamphumi, bwana anachedwa kumsonkhano, apolisi anabalalitsa anthu, zonsezi zinayamba potsatira ngozi. Pansi pa chithunzi analemba kuti mmodzi wa anthu amene anatseka msewu.

"Aphunzitsi, bwerezaninso," ndinatero.

Anabwereza kuyambira pamwamba, pang'onopang'ono. Pensulo yanga sinapeze pothetha ngakhale pamodzi. Mphepo inkalowa pawindo lopanda galasi n'kumatukula ngodya ya pepalalo. Mphunzitsi anaipinda nyuzipepalayo n'kuti, "Pita kunyumba, kwazizira."

Ndinayenda njira yonse ndikuwerengera m'mutu monga mwana wa Sitandade 5 amawerengera. Ngati m'nkhanimo munalibe bodza, ndiye kuti inali yoona. Ngati inali yoona, ndiye kuti malume analidi munthu amene anthu a pawailesi ankamunena uja. Sindinauze munthu aliyense zimenezi.

Malume anatulutsidwa patatha masabata atatu, opanda mlandu. Anafika masana, ataonda, ndevu zitamera, nakhala pakhonde. Amayi anandituma kuti ndikawapatse madzi osamba m'manja. Ndinagwada, ndikuthira madziwo pamanja awo, omwe aja ananyamula mwala. Ananditchula dzina mofatsa, nandifunsa ngati ndikupitabe kusukulu. Ndinayankha kuti inde, maso anga ali m'beseni. Anadikira kuti ndiwayang'ane, madzi akudontha kuzala zawo, ndipo ine sindinadzutse mutu. Ndinkawachitira manyazi.