Piyano Imene Inatsika Ngati Maliro

Piyano yathu inali yathyathyathya, yaitali, ya matabwa akuda. Amalume ataiona koyamba anavula chipewa. "Achemwali, wamwalira ndani?" anawafunsa amayi. Kuyambira pamenepo dzina lake linali bokosi la maliro.

Anatipatsa ndi aphunzitsi anga a piyano, mayi wachikulire wa dziko lino la azungu amene tinkapemphera naye ku Govan. Inapangidwa magetsi asanabwere, tinyundo take tomenya mawaya m'kati tinali tokutidwa ndi chikopa, ndipo mawu ake anali aang'ono, osasa pang'ono. Pa iyo ndinaphunzira nyimbo za m'zaka za m'ma 1800, zija zodzaza chikondi ndi misozi. "Osaimenya," ankatero aphunzitsi. "Eni nyimbozi ankamva mawu amenewa, osati mabingu a piyano za masiku ano."

Nyengo yachisanu imeneyo tinkakhala pamwamba penipeni pa nyumba zosanjikizana za ku Sighthill. Ndinali mwana wamantha. Munthu akangogogoda, ngakhale kwa aneba, ndinkasiya chilichonse n'kuyang'ana kuchitseko, chifukwa anzanga ena kunkacha kulibe, a boma atawatenga m'bandakucha n'kuwabweza kwawo. Aphunzitsi anachenjeza kuti chipinda chikatentha matabwa ang'aluka, choncho amayi ankazimitsa hita n'kuyanika zovala zonyowa pafupi ndi piyanoyo. Ndinkaliza nditavala jekete, zala zitauma gwa, m'chipinda mukununkhira sopo. Amalume ankang'ung'udza kuti mwana wamoyo akuzizidwa chifukwa cha mtembo.

Kenaka kunabwera bambo wa ku ofesi ya nyumba. Nyumbazo zinali zoti zigwetsedwe, ife atisamutsire ku Gorbals, ndipo galimoto inkatenga zikwama basi. Piyano itsale. Amayi, munthu wopepesa ngakhale kwa amene wawaponda phazi m'basi, anakhala pamwamba pa piyanoyo n'kupinda manja. "Mugwetse ndi ine ndemwe," anatero. Bamboyo anawakumbutsa kuti anthu ngati ife sitiyenera kuvuta. Amayi sanasunthe, mpaka anachoka yekha.

Tsiku losamuka, lifiti inali itafa. Amalume anabwera ndi madoda a kutchalitchi, anamasula miyendo ya piyano, anaifunditsa chitenje, n'kuisenza pamapewa. Masitepe anali osatha, ndipo Mmalawi sanyamula cholemera ali duu. Wina anayambitsa nyimbo, ndipo imene inabwera pakamwa pake inali ya pamaliro. Onse anaivomera. Aneba anatsegula zitseko, abambo anavula zipewa, mayi wina anagwira dzanja la amayi n'kuwapepesa misozi ili mbwembwembwe. Amayi anangoti zikomo, n'kupitiriza kutsika kumbuyo kwa bokosi lawo.

Lero ndimaliza piyano zakale zokhazokha, m'maholo akuluakulu. Alipo amene amati ndikutaya luso pa zida zosamveka kumipando yakumbuyo. Asendere pafupi. Ndinaona mmene piyano yotere inatsikira masitepe aja, ndipo sindidzaipepesera kwa munthu.

Tsiku lija ndinkangoseka njira yonse. Sindinkadziwa kuti nkhani ya mapepala athu okhalira m'dziko muno inali isanagamulidwe, ndiponso kuti amayi ankaopa kutchedwa ovuta kuposa mmene ankaopera chisanu. Sindinkadziwanso kuti nyimbo za pa piyano zija sankazikonda n'komwe. Anandiuza nditakula kale.

"Nyimbo yopanda mawu ndi nyimbo yanji? Koma ukamaliza chinthu chija, mwanawe, sunkayang'ana kuchitseko."