Muvi wathu unachokeranso kutsidya

Ine sindinagonjepo pa mkangano. Funsani aliyense amene anandigulitsapo thonje ku Chikweo. Choncho a Nampinga, Mlomwe woyandikana naye munda, atayamba kulimira m'malire mwanga, ndinangowauza kuti: "Obwera inu, tiyeni ku Balaka mukaone pamene zinalembedwa." Ndinali nditamva kuti kumeneko kuli nyumba yosungira mbiri ya mmene mitundu inalowera m'dziko muno. Akaona okha, mizere itatu imene anandilandayo andisiyira.

Tinanyamuka Lachinayi m'mamawa, thiransipoti yonse ili kwa ine. Wanjinga yamoto anati K6,000 mpaka pa Nselema, ndinamutsitsa kufika K4,500. Mu minibasi ya ku Liwonde anatipanikiza ndi matumba a chinangwa, kondakitala n'kumati, "Sunthani bwana, muli malo a anthu awiri pamenepo!" Pa Liwonde a Nampinga anadya chipisi ndi mazira awiri, osafunsa n'komwe mtengo.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Pakhomo panalembedwa mitengo iwiri yolowera, wa eni dziko ndi wa alendo.

"Awawa muwalipiritse wa alendo," ndinatero.

Mayi wapakhomoyo sanaseke. Koma ndinakambirana nawo mpaka tonse tinalowa pa mtengo wa ana asukulu.

Mkati munali makasu akale, masutikesi a anthu opita ku Joni, ndi mapu aakulu odzaza mivi. Ndinapeza muvi wa Alomwe, wochokera ku Mozambiki, n'kuugogoda ndi chala. "Mwaona?"

"Nanga uwu wagundana nawowu?" anafunsa a Nampinga.

Unali wa Ayao. Wathu.

"Iyayi, ife tinayamba kufika," ndinauza mayi aja, amene ankatiperekeza. "Tipatseniko zaka zingapo."

"Pano sitinenerera, bambo. Agogo a agogo anu anaikidwa kuti?"

"Kutsidya kwa Chiuta."

"Kutsidya kwa nyanja ya Chiuta ndi dziko liti?"

Moyo wanga wonse ndakhala ndikutchula manda amenewo, osaganizapo kuti ali m'dziko la eni. Ndinathamangira kwa Achewa ndi Angoni, mwina ndibisale kumeneko. Nawonso mivi yokhayokha.

Pobwerera a Nampinga anagona paphewa panga kuyambira pa Liwonde. Atadzuka anati, "Achimwene, za malire tikakambirane kumunda, ife obwera tokhatokha."

Mizere itatu ija tinagawana, iwo iwiri ine umodzi. Koma wanjinga ndinamutsitsa, ndipo ndinalowa ngati mwana wasukulu ndili ndi imvi. Inuyo mukuti anapambana ndani?