Chingerezi cha Mayi Simbi

Mphekesera inayambira pampopi, ndipo pofika Loweruka mdadada wonse wa nyumba za lendi unali utamva. Akuti Mayi Simbi, osita zovala aja a kuseri kwa shopu ya matayala, apeza chibwenzi. Mwamunayo akuti ndi a Choko, mphunzitsi wopuma uja amene amavala tayi ngakhale popita kuchimbudzi. Nkhaniyo sinali yopanda mutu ayi. Masana aliwonse a Choko ankalowa m'chipinda chositira, chitseko n'kutsekedwa, ndipo ankatuluka ali thukuta kamukamu, tayi itapotoka. Munthu wamkulu ungaganize chiyani?

Mayi Simbi dzinali analitengera ku ntchito. Chimwalirireni amuna awo akhala akusita zovala za anthu: malaya a makalaliki, madiresi a ukwati, mayunifolomu a alonda. M'chipinda mwawo muli tebulo loyalidwa bulangeti lopserera pakati, chingwe chopachikapo zosita kale, ndi simbi yamakala yolemera ngati mwala. Kuseka amaseka mwa apo ndi apo. Ukawapatsa buluku m'thumba muli zinyalala, amakuwerengera mbiri ya mtundu wako wonse.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, ndipo anamwalira chaka chatha n'kusiya kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Mkamwini wawo, kalaliki wa pa ofesi ina yosanja, analowetsa mwanayo sukulu ya Chingerezi chokhachokha. Tsiku lina mayi atapita kukaona mdzukulu wawo, mkamwini anawaimitsa pageti. Mwaulemu ndithu, manja ali kumbuyo, anawauza kuti kusukulu akudandaula, mwana akacheza ndi agogo ake akumasakaniza zilankhulo m'kalasi. M'nyumba mwake tsopano ndi Chingerezi basi, ndipo mayi akachidziwa adzabwere.

Mayi anabwerera kwawo, ndipo tsiku limenelo anapsereza kolala ya malaya a munthu, chinthu chimene anali asanachitepo. Iwo amene anachapa matewera a mwanayo, lero aziimitsidwa pageti ngati ogulitsa matsache? Ndipo wowaimitsayo ndi munthu amene tsiku la ukwati wake anavala suti yobwereka, yosita iwo omwewo! M'mawa mwake anakagogoda kwa a Choko n'kupangana nawo: iwo aziwasitira malaya, a Choko aziwaphunzitsa.

A Choko anaona zakuda. Iwo ankafuna kuyamba ndi moni, kupepesa, ndi kupempha madzi akumwa mwaulemu. Mayi anati sakupita kukapempha madzi kwa munthu. Ndiye ankangobwereza, simbi ikugunda tebulo: "Ayi amu. Yu ara. Hi izi." A Choko akati awakonze, mayi ankawaloza ndi simbi yamoto.

"Dzulo munati go, lero mukuti wenti. Kupita kwake n'komweko, miyendo ndi yomweyi. Wasintha ndani?"

"Ndi mmene chilili, mayi."

"Musandinamize, aphunzitsi. Mwaiwala, mukungopeka."

Komabe madalawo sanasiye kubwera. Anayamba kubweretsa ndi malaya osakwinyika omwe, ndipo ena amalumbira kuti anawamva akununkhira mafuta onunkhiritsa. Mphekesera itafika m'makutu mwa mayi, anapita pampopi n'kuwatukwana amayi onse amene anawapezapo, theka m'Chingerezi, ndipo anthu anati kukwiya kotere ndiye umboni wake.

Patapita miyezi, Loweruka lina, anavala diresi yawo yabuluu yosita mpaka kuthwa, ulendo kugeti kuja. Mkamwini atatuluka anayamba kuwalonjera monga mwa masiku onse, koma mayi anamudula.

"Ayi amu hiya. Openi."

Anatsegula. Akanatani, lamulo anaika yekha? Mdzukulu anawathamangira n'kuwakumbatira m'chiuno. Mayi anali ndi zambiri zoti amuuze: kuti watalika, kuti mphumi yake ndi ya amayi ake ndendende. Koma zimene zinali m'kamwa ndi za a Choko zija. Analoza tebulo n'kunena m'Chingerezi kuti ili ndi tebulo, analoza chitseko n'kunena kuti ichi ndi chitseko, mtima ukuwira ngati ketulo.

Ndiye inalira foni ya mkamwini. Anali amayi ake omubereka, akuimba kuchokera kumudzi. Mwamuna anayamba kuwayankha m'chilankhulo chomwe anayamwira.

"Ingilishi," anatero Mayi Simbi, osakweza mawu.

Mkamwini anathawira kukhitchini, mayi anamutsatira. Anathawira pakhonde, mayi ali pambuyo. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankabwera kudzasunga lamulo la mwini nyumba. Mkamwini akati alankhule ndi wokonza mpopi, "Ingilishi." Akati akambe za mpira ndi mnzake, "Ingilishi." Akapunthwa n'kutukwana, mayi ankamufunsa ngati kutukwana kwa Chingerezi sanakuphunzire kusukulu. Ku ofesi Chingerezi amachimwaza, koma kunyumba kwake ankafuna kupuma, ndipo kupumako kunasowa.

Loweruka lina mkamwini anawapeza mayi ali pamkeka ndi mwana, n'kunjuta pafupi nawo, maso ali pansi.

"Amayi, lankhulani naye mmene mungafunire."

"Mwati chiyani, bambo a mwana? Sindinamve."

"Ndati lamulo lija latha."

Mayi sanathokoze. Anangomukhazika mdzukulu pakati pa miyendo yawo, nayamba kumuluka tsitsi uku akumuuza mmene amayi ake ankaopera nkhuku ali aang'ono. Anacheza mpaka dzuwa kupendeka.

Lolemba a Choko anafika pa nthawi yawo, malaya ali pamkono, atametetsa ndevu bwinobwino. Mayi anawalandirira panja. Anawauza kuti sukulu yatsekedwa, ndipo malayawo akasite okha. Chibwenzi panalibe.